Makatani Otseka Masana

Lutjewier, 3 Novembala 2022

Mwana wanga Hilje,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Rotterdam, iwe ndi mwamuna wako Joris ndi galu wanu wonenepa uja. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akudandaula. Ndalemba kalata chifukwa za foni ukuzidziwa kale, makutu angawa amangomva ngati munthu akulankhulira m'ndowa.

Nkhani ndi iyi, ndipo uimve kwa ine azakhali ako asanaithire mchere: gasi wotenthetsera nyumba ndadulitsa. Lachiwiri kunabwera mmisiri, anachotsa mita, paipi n'kuitseka ndi chitsekerero chachitsulo. Asanayambe anandiyang'ana n'kufunsa, "Bambo, mwaganiza bwino? Kukubweratu chisanu." Ndinamuuza kuti chisanu ndinachidziwa iye asanabadwe, agwire ntchito yake.

Usaganize kuti ndapenga. Gasi ameneyu amamupopa pansi pa nyumba yanga yomwe ino. Amupopa mpaka nthaka inayamba kunjenjemera, khoma lakumaso linang'aluka mng'alu wolowa dzanja, ndipo mpaka lero laimira mitengo yochirikiza ija. Amayi ako anamwalira akudikira kuti anthu a kampani ya gasi, a mafaelo aja, abwere adzakonze. Amabwera, amajambula zithunzi, amamwa khofi wanga, amapita. Tsopano andilembera kuti gasi wakwera mtengo. Ndiye ine ndizigula chinthu chimene chandiswera nyumba? Zimenezo zatha.

Madzi a m'mapaipi otenthetsera nyumba ndakhetsa onse kuti asadzaundane. Ndikuphikira pa kambaula ka magetsi. Ukapeza mpata unditumizire masokosi aubweya, okhuthala, osati timasokosi ta mizeremizere munandigulira chaka chatha tija.

Bambo ako,
Eltjo


Rotterdam, 8 Novembala 2022

Okondedwa Ababa,

Moni. Ife tili bwino, ndipo galu si wonenepa, ndi ubweya chabe. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi n'kuiwerenganso.

Ababa, zaka zanu zikuyandikira makumi asanu ndi atatu. Chifuwa chanu chija mwachiiwala? Ngati vuto ndi ndalama, bwanji osangonena? Palibe chamanyazi pamenepa, chaka chino aliyense akulira ndi gasi, ngakhale ife timakhala titafunda bulangete pabalaza. Joris wati tizikulipirirani ife nyengo yozizira yonse. Ingoitanani mmisiri uja abwezeretse mita, zina zonse musiyire ife.

Pali china chimene ndakhala ndikuchizengereza. Ku Appingedam, kunyumba za okalamba zili m'mbali mwa ngalande zija, kwapezeka malo. Ndinakulembetsani amayi atangomwalira, koma sindinakuuzeni poopa phokoso. M'nyumbamo ndi mofunda, muli chikepe chokwerera m'zipinda zam'mwamba, ndipo azakhali angamabwere pa basi. Akufuna yankho Januwale asanathe. Ndikudziwa kuti mukachoka, nyumba yathuyo aigwetsa, popeza ili kale m'gulu la zogwetsa. Nanenso zimandipweteka, ndinabadwira momwemo. Koma ine njerwa sindikuzifuna, ndikufuna inuyo.

Masokosi ndatumiza. Mundiyankhe msanga, chonde.

Mwana wanu,
Hilje


Lutjewier, 28 Novembala 2022

Hilje mwana wanga,

Ndi ine azakhali ako Roelfien. Ndikhulupirira nonse muli bwino, umupatse moni Joris. Ine shuga wanga akukwera ndi kutsika, koma amene andiphe si shuga ayi, ndi bambo ako.

Dzulo pochokera kutchalitchi ndinadzerako. Ndinalowera khomo lakuseri monga timachitira tonse, ndipo ndisakunamize, m'nyumbamo munali mozizira kuposa panja. Ndinawapeza kukhitchini, chipewa chaubweya chitatsika mpaka m'makutu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati wa ng'ombe m'khola. Ndipo Hilje, anavala juzi yofiira ya malemu amayi ako! Ija ya mabatani ooneka ngati maluwa ija.

Ndinati, "Achimwene, mwavala chiyani?"

Sanandimve. Kamakina kawo ka m'khutu kaja anakavula, ati akavala chipewa kamangoimba mluzu. Ndinachita kukuwa.

Iwo, "Juzi. Sunaionepo juzi?"

"Ndi ya Aaltien imeneyo!"

"Aaltien kumene ali sakumva kuzizira. Khala pansi, kapena wabwera kudzayendera nawenso?"

Anandipatsa buledi, koma batala anali gwa, mpeni kuchita kupindika. Firiji anazimitsa, ati pabalaza ndi pozizira kuposa firiji, ndiye mkaka ndi tchizi akuika pampando umene amayi ako ankakhala. Ine misozi inalengeza. Iwo n'kumaseka, amvekere, "Ukulira chiyani? Mpando wapeza ntchito."

Sindikufuna kukuopseza, koma munthu wamutu wabwino savala zovala za mkazi wake womwalira. Amalume ako Tjaart anayamba chonchi, ukukumbukira, mapeto ake ankaika nsapato mu uvuni. Chitapo kanthu mwana iwe, ine andikana. Ndipo usawauze kuti ndalemba ndine.

Azakhali ako,
Roelfien


Lutjewier, 14 Disembala 2022

Hilje,

Moni kumeneko. Masokosi anafika, zikomo, amenewa ndiye masokosi. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira kuti mkwiyo utsike, koma sukutsika, ndiye ndingolemba nawo.

Lolemba kunabwera dokotala, kamtsikana kaulemu ndithu, ati wamutuma ndiwe. Anandifunsa kuti lero ndi lachingati, tili m'mwezi wanji, ndipo ndijambule wotchi papepala. Ndinamujambulira wotchi ya pansanja ya tchalitchi chathu, pamodzi ndi mng'alu wake. Anandipima chifuwa, anati chili bwino kuposa chaka chatha. Pochoka anali akunjenjemera ndi iyeyo, ine ayi.

Ndikudziwa amene anakuuza za juzi. Juzi imeneyo amayi ako analuka okha ndi ubweya wa nkhosa za Fokke, neba wathu, ndipo m'nyumba muno mulibe china chofunda kuposa imeneyo. Ndiisiye m'kabati idyedwe ndi njenjete kuti Roelfien agone tulo? Ndamuuza kuti asapondenso pakhomo panga, akazonde kwina.

Ndalama zanu sungani. Sindinanene kuti ndalephera kulipira, ndinati sindifuna. Ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezo, ndipo mwana wophunzira ngati iwe sayenera kuzisokoneza.

Ufuna kudziwa mmene ndikukhalira? Ndasamukira kukhitchini, bedi ndakokera komweko. M'mawa ndimawiritsa ketulo, theka la madzi ndi khofi, theka ndi losamba, ndipo ndimasamba chiwalo chimodzichimodzi, china chili chovala. Masana ndimapalasa njinga mpaka kuchimulu chotchinga nyanja n'kubwerera, thupi limatentha lokha. Supu wa nsawawa ndimaphika mphika waukulu wa sabata yonse, sawonongeka. Pogona ndimaika botolo la madzi otentha kumapazi. Sabata ino kwaundana kwambiri, pagalasi la zenera pamera maluwa a ayezi, aja ndinkawakanda ndi chikhadabo ndili mwana. Ndinali nditaiwala kuti ndi okongola.

Sindikunama kuti ndi zokoma. Zala zimauma, ndipo kudzuka m'mawa ndi nkhondo. Koma ndikayang'ana pakhoma pamene panali mita, mtima wanga umakhala m'malo. Kwa zaka zonsezi anthu amenewa amandiuza kuti ndidikire, ine n'kumadikira. Aka n'koyamba kuti ine ndiwauze kanthu.

Za ku Appingedam, ayi. Ndikatuluka ine m'mawa, madzulo makina ogumula afika. Sindiwapatsa mwayi umenewo.

Bambo ako


Rotterdam, 28 Disembala 2022

Ababa,

Moni. Tinafika bwino, ngakhale Joris mpaka lero akuyetsemula.

Ndikulemba chifukwa tsiku lija sitinamvane, inu osavala kamakina kanu, ine ndikukuwa. Tinayenda ulendo wonse uja kudzadya nanu Khirisimasi, n'kudya titavala majasi, foloko ikugwedezeka m'manja. Inu n'kumatiseka kuti ana a m'tauni ndi ofewa ngati batala. Mwina n'zoona. Koma ine ndinaona milomo yanu, inali yobiriwira, ndipo kapu munaigwira ndi manja awiri.

Za dokotala ndinalakwitsa, ndikupepesa. Mutu wanu uli bwino, ndaona. Vuto lake ndi lomwelo, mukudziwa bwino chimene mukuchita. Koma Ababa, anthu a gasi aja sakudziwa n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Eltjo amene akuzizidwa. Iwo ali m'maofesi ofunda. Amene mukumulanga ndi ine, amene ndimadzidzimuka foni ikangolira.

Kukukakamizani sindingathe. Koma kubwera kudzaonerera mukudzipha pang'onopang'ono, sindibweranso. Malo aja akadalipo mpaka kutha kwa Januwale. Mukasankha, mundiuze.

Hilje


Lutjewier, 16 Januwale 2023

Mwana wanga,

Chaka chabwino, ngakhale ndachedwa. Umuuze Joris amwe tiyi wa uchi.

Kalata yako inandikhudza, sindibisa. Koma walakwa pamodzi. Sindikuzizidwa kuti iwo andione. Ndikuzizidwa kuti ine ndizitha kudziyang'ana pagalasi ndikamameta. Zimenezo tidzakambirana ukadzasiya kundinyanyala.

Pakadali pano pali kanthu kofunika kuti undithandize. Akuti chisanu chikubweranso sabata ino, ndipo ndaona kuti kutentha kwanga konse kumathawira m'mazenera akumaso aja. Kuyambira mawa ndizitseka makatani onse, masana omwe. Khomo lakuseri nalo limalowetsa mphepo pansi, ndiye ndalikhoma n'kutsamiritsapo matiresi akale. Ndizitulukira khomo lakumaso ngati mlendo.

Ndikudziwa tanthauzo la makatani otseka masana m'mudzi muno. Iwenso ukudziwa, unanditsekera wekha tsiku lomwalira amayi ako, ndipo tisanauze munthu, aneba anali atafika kale. Choncho umuimbire Roelfien, umuuze kuti sindinafe, ndikusunga kutentha chabe. Ine sindilankhula naye. Akamva iyeyo ndiye kuti mudzi wonse wamva.

Bambo ako,
Eltjo


Lutjewier, 19 Januwale 2023

Hilje mwana wanga,

Ndi azakhali ako. Foni yanga sukuyankha, ndiye ndati ndilembe. Undikhululukire mwana iwe, koma umve kaye mmene zinayendera, kenako uweruze.

Dzulo m'mawa ndimapita kukagula buledi. Kuyang'ana kwa bambo ako, makatani onse otseka, dzuwa lili pamwamba! Ndinathamangira kuseri, khomo lokhoma. Khomo limenelo silinakhomedwepo chibadwire changa. Ndinagogoda, ndinakuwa, ndinamenya zenera ndi ambulera, zii. Ndiye iwe ukanaganiza chiyani? Munthu wa chifuwa, nyumba yozizira ngati manda, makatani otseka. Pamenepo m'pamene ndinakuimbira n'kunena mawu aja, akuti bambo ako atisiya. Ndikudziwa kuti ndinafulumira. Ndikanayamba ndadzifunsa kuti wamwalira angadzitsekere bwanji makatani, koma mutu sunagwire.

Kulowa ndekha sindikanatha, ndipo ukudziwa kuti pamaliro oyamba kulowa ndi neba wapafupi. Fokke anali kutali kumunda pa thirakitala yake, tinachita kumutumira munthu. Podikira iye, msewu wonse unadzaza. Mkazi wa Fokke anabwera ndi keke ndi khofi m'mabotolo, akazi a m'kwaya anafika, mkulu wosamala tchalitchi anali atagwira kale kiyi wa kubelu, akungodikira mawu. Ena anayamba kukamba ubwino wa bambo ako, zimene sindinazimvepo iwo ali moyo.

Fokke atafika anavula kapusi, n'kuswa galasi la khomo lakuseri ndi fosholo. Anakankha matiresi, tinalowa mwakachetechete, ine ndili pambuyo. Ndipo bambo ako ali phee patebulo, juzi yofiira, chipewa m'makutu, akusenda mbatatesi!

Anatiyang'ana tonse, kenako anayang'ana galasi, amvekere, "Fokke, wandiswera khomo. A gasi sanakwane?"

Fokke anati, "Eltjo, iwetu wamwalira."

"Wati chiyani?"

"Ndati wamwalira!"

"Liti?"

Mkazi wa Fokke anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinalira, kenako ndinawamenya ndi ambulera paphewa. Zitatero m'pamene ndinakumbukira iwe, n'kukuimbiranso. Ndikudziwa kuti panapita nthawi yaitali.

Poti keke inali itabwera kale, tinaidya. Tinapanikizana m'kakhitchini kaja, ena pabedi, ena choimirira, Fokke akukhoma thabwa pamene panali galasi. Posakhalitsa mazenera anachita thukuta, ndipo bambo ako anavula chipewa, n'kuvala kamakina kawo. Akazi a m'kwaya anawauza zabwino zonse zimene zinanenedwa panja. Iwo anati, "Mudzabwerezenso tsiku lenilenilo, musadzasinthe mawu."

Ine andilankhula tsopano, ngakhale mawu oyamba anali akuti ndilipire galasi. Undiyankhe Hilje, usandisunge mumtima.

Azakhali ako,
Roelfien


Rotterdam, 22 Januwale 2023

Ababa,

Sindikufunsa ngati muli bwino, ndamva kuti munadya keke ya maliro anu.

Kalata yanu ya makatani inafika Lachinayi, zonse zitachitika kale. Ndinaiwerenga ndili pakhomo, ndinaseka, kenako ndinaiponya kukhoma.

Mudziwe zimene munandichita. Azakhali ataimba ndinali kuntchito. Ndinatuluka osavala jasi, ndinakwera sitima yoyamba yopita kumpoto. Kuchokera ku Rotterdam mpaka pafupi ndi Zwolle ndinali mwana wamasiye. Ndinalira pamaso pa anthu, mayi wina wosamudziwa anandigwira dzanja. Chimene chinkandibaya ndi mawu anga aja, akuti sindibweranso. Ndinkati amenewo ndiwo mawu omaliza amene bambo anga anawerenga kuchokera kwa ine.

Foni yachiwiri itabwera, ndinatsika pa Zwolle n'kukwera sitima yobwerera. Ndikanafika, ambulera ya azakhali ikanachepa.

Koma pali chimene sindinauze ngakhale Joris. M'sitima muja, m'kati mwa kulira, munandibwerera ganizo limodzi: bola afera m'nyumba mwawo, sanawatulutse. Ndipo mtima unatsikako pang'ono. Sindinaganize za chikepe kapena za chipinda chofunda cha ku Appingedam. Ndinakuonani patebulo panu, mu juzi ya amayi, ndipo ndinanyadira. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Choncho za gasi sindinenanso. Khalani ndi paipi yanu yotseka. Koma ulendo ngati uja sindingaupirire kawiri chifukwa cha mphekesera. Ndipatseni njira yoti tsiku lililonse munthu wina azidziwa kuti mwadzuka, njira yoona, yosadalira makutu anu kapena positi. Mukandipatsa, ndiwauza a ku Appingedam kuti malowo apatse wina. Mukakana, ndibwera ndi Joris ndi galimoto yonyamula katundu, ndipo mudzakuwa mmene mungathere, ine ndidzakhala ngati ndavala chipewa chanu chija.

Mwana wanu,
Hilje


Lutjewier, 27 Januwale 2023

Mwana wanga Hilje,

Moni kwa iwe, kwa Joris, ndi kwa galu wa ubweya wambiri uja. Ine ndili moyo, mboni zilipo zambiri.

Kalata yako ndaiwerenga nditavula chipewa. Za m'sitima zija zandipweteka kuposa chisanu chonse cha chaka chino. Ndinalakwa kutuma positi ntchito imene ndikanaichita ndi miyendo yanga, pakuti kwa Roelfien ndi pongodutsa tchalitchi. Ndikhululukire. Mawu amenewa sindinawauze a gasi, sindinamuuze Fokke, ndakuuza iwe wekha.

Galimoto yako yonyamula katunduyo isabwere. Gasi sindilumikizanso, ngakhale atabwera kudzandigwadira pakhonde. Nyumba ino iima mmene ndaimira ine, mokhota, ndi mitengo yochirikiza, koma iima.

Njira ukuifunayo nayi. Makatani onse azikhala otseka, kupatula katani la zenera limodzi, lakumaso, la pafupi ndi mpando wa amayi ako. Limenelo ndizilitsegula m'mawa uliwonse ndikangowiritsa ketulo, ndipo lizikhala choncho mpaka dzuwa kulowa. Roelfien azidutsa popita kobuledi. Akaona lotsegula, azipitirira ulendo wake, ndamuuza kuti asamaimenso n'kumasuzumira. Sakumvera, amaima ndithu n'kumagwedeza ambulera, ine n'kumukwezera kapu.

Usaganize kuti ndi chinthu chaching'ono. Zenera limenelo layang'ana kumene kumachokera mphepo, ndipo katani likangotseguka kuzizira kumafika mpaka kukhitchini. A gasi sindinawapatse kanthu, koma iwe ndakupatsa zenera.

Matiresi ndachotsa pakhomo lakuseri, chifukwa anthu ayamba kubwera. Fokke amafika masana ndi makadi ake, ati akufuna kuona mmene wakufa amaseweretsa. Akazi a m'kwaya akufuna kuti Lachinayi aziyesera nyimbo m'khitchini mwanga. Ndawauza kuti abwere, anthu akachuluka kumafunda, ndipo nyimbo zikaipa ndili ndi chipewa. Dzulo Fokke anaima nthawi yaitali akuyang'ana pamene panali mita, n'kufunsa dzina la mmisiri uja. Mkazi wake akamva andipha zenizeni.

Auze a ku Appingedam apatse wina malowo. Ubwere mwezi wamawa, uvale majuzi awiri, supu adzakhalapo.

Ndipo mvetsa ichi, chifukwa sindidzabwerezanso. Zenera limenelo sindidzaliiwala, sindidzalisiya chifukwa cha ulesi kapena mkwiyo. Tsiku limene Roelfien adzakuimbire kuti dzuwa lakwera koma likadali lotseka, usadzatsikire pa Zwolle, mwana wanga. Udzafike.

Bambo ako,
Eltjo